Dzinja, Chisanu ndi Chilimwe ku Tembwe: Mbiri ya Kutentha ndi Maina a Nyengo m'Chigwa cha Luangwa

Chiyambi

Tembwe ndi dziko la imodzi mwa mafumu a Asenga m'boma la Chama, chakumpoto kwa chigwa cha mtsinje wa Luangwa. Mafumu ena a m'bomali ndi Mfumu Yaikulu Kambombo, Chikwa, Chifunda, Chibale, Lundu ndi Mulilo. Boma la Chama linali m'chigawo cha Kum'mawa mpaka chaka cha 2011 pamene linapatsidwa ku chigawo chatsopano cha Muchinga, ndipo linabwezedwanso Kum'mawa mu 2021. Chinenero cha pakhomo ndi Chisenga, chimene chili pachibale chenicheni ndi Chitumbuka, koma chinenero cha Zambia chimene chinasankhidwira masukulu a kuderali ndi Chinyanja. Ichi ndicho chifukwa chake nkhani ya kutentha ndi kuzizira kwa ku Tembwe ikutikhudza ife aphunzitsi a zinenero.

M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti kutentha kwa m'chigwachi kumafika pachimake mvula isanagwe, kuti mau a nyengo a m'zinenero zathu anasunga dongosolo limeneli choyezera kutentha chisanabwere, ndiponso kuti chisokonezo chimene timakumana nacho m'kalasi pa mau ngati dzinja ndi chilimwe chinadza ndi kumasulira kochokera ku Chingerezi.

Dzuwa, mitambo ndi nthaka

Tembwe ali pa madigiri 11 ndi pang'ono kummwera kwa ikweta. Pa chifukwa ichi dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka: cha pa 23 Okutobala pamene likupita kummwera, ndi cha pa 19 Febuluwale pamene likubwerera kumpoto. Pa masiku amenewa munthu akaima pabwalo masana, chithunzithunzi chake chimabisala pansi pa mapazi. Dzuwa likadakhala lolamula lokha, bwenzi miyezi iwiriyi ikutentha mofanana. Koma aliyense wa m'chigwa adziwa kuti Okutobala ndi ng'anjo, pamene Febuluwale ndi mwezi wa chitungu ndi thukuta chabe.

Kusiyanaku kumachokera ku madzi. Mu Febuluwale mitambo imatchinga dzuwa, ndipo mphamvu yake imene yafika pansi imathera pa kuumitsa madzi a m'nthaka, a m'madambo ndi a m'masamba. Mu Okutobala nthaka imakhala itatha miyezi isanu kapena kuposerapo osalawa mvula, tchire litapsa, mitengo ya tsanya itayoyola masamba. Madzi oti dzuwa liumitse palibe, motero mphamvu yake yonse imalowa m'dothi ndi mumpweya. Pa bwalo la ndege la Mfuwe, makilomita oposa 200 kummwera m'chigwa chomwechi, si zachilendo kuti choyezera chipitirire madigiri 40 a Celsius mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala. Kutentha kumatsika pokhapokha mphepo zachinyezi zochokera kunkhalango za Congo zikakumana ndi za kum'mawa n'kugwetsa mvula yeniyeni, chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Disembala ndiye mwezi wa masiku aatali kwambiri, komabe sautentha ngati Okutobala.

Kuzama kwa chigwa kumaonjezerapo. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Lundazi ali pa mamita oposa 1,100 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Mfuwe sakwana mamita 600. Kumadzulo kwa Tembwe kuli mapiri a Muchinga, kum'mawa kuli mtunda wopita ku Lundazi ndi ku malire a Malawi, ndipo mphepo iliyonse yotsikira m'chigwa imatentha potsika.

Mu Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto, n'kukwera madigiri ngati 55 okha. Kumwamba kukakhala kopanda mitambo, nthaka imataya kufunda kwake msanga usiku, ndipo mbandakucha wa Juni ndi Julayi ungatsike kufika pafupi ndi madigiri 10, pamene masana a tsiku lomwelo munthu amafuna mthunzi. Apa pali mfundo imene akatswiri a nyengo za m'maiko otentha anaiona kalekale: m'miyezi yopanda mvula, kusiyana kwa usiku ndi usana wa tsiku limodzi kumaposa kusiyana kwa mwezi wozizira ndi mwezi wotentha tikatenga chiwerengero chapakati. Kutalika kwa usana nakonso sikusintha kwambiri. Ku Tembwe tsiku lalitali limaposa lalifupi ndi ola limodzi ndi mphindi ngati 20, pamene ku London kusiyanaku kumayandikira maola 9. Chaka chotere sichingagawidwe ndi mpeni umene unagawa chaka cha ku Ulaya.

Mau a nyengo

Chinyanja chimagawa chaka motere: dzinja, nthawi ya mvula, masika, pamene mvula ikukata ndipo zakumunda zacha, chisanu, miyezi yozizira ya Meyi mpaka Julayi, ndi chilimwe kapena malimwe. Liu lotsirizali lili ndi matanthauzo awiri. Ena amalitambasula kuti liphimbe miyezi yonse yopanda mvula, chisanu chomwe, pamene ena amalisungira miyezi yotentha yokha ya Ogasiti mpaka mvula itagwa. Mkati mwa chilimwe muli zizindikiro zake: lupsa, kuphukira kwa masamba ofiirira m'nkhalango za kumtunda, kulira kwa nyenje, ndi mvula ya chizimalupsa imene imadza kudzazimitsa phulusa koma yosadzalira mbeu.

Tikayerekeza ndi zinenero zoyandikana ndi Tembwe timaona chinthu chokondweretsa. Chitumbuka chimatcha nthawi ya mvula chifuku, ndipo nthawi ya dzuwa chihanya, liu la tsinde limodzi ndi muhanya, ndiko kuti usana kapena kuwala kwa dzuwa. Chibemba, tsidya lina la mapiri a Muchinga, chimati amainsa, umupepo ndi ulusuba, ndipo ulusuba ndi mbale wake wa akasuba, dzuwa. Ababemba anafika poika kutentha ndi kuzizira m'maina a miyezi: Akapepo Kanono ndi Akapepo Kakalamba ndiyo Meyi ndi Juni, kamphepo kakang'ono ndi kakakulu, Ulusuba Lunono ndi Ulusuba Lukalamba ndiyo Seputembala ndi Okutobala. Maina anayi amenewa akunena zomwezo zimene choyezera cha ku Mfuwe chimanena, ndipo akuzinena m'dongosolo lake lenileni, chaching'ono patsogolo, chachikulu pambuyo.

Chinyanja chinatsata njira ina. Ife tikuona kuti chilimwe ndi malimwe ndi mau ochokera ku mneni -lima, monga chirimo cha Chishona ndi cilimo cha Chitonga. Tsinde lomweli likupezeka m'dzina la kagulu ka nyenyezi kamene azungu amati Pleiades, kamene Azulu amati isiLimela ndipo Aswahili amati Kilimia, chifukwa kuoneka kwake kunkakumbutsa anthu za khasu. Tsono miyezi imodzimodziyo Mtumbuka ndi Mbemba anaitchula poyang'ana kumwamba, pamene Mnyanja anaitchula poyang'ana ntchito ya kusosa ndi kugalauza munda. Mwana wa ku Tembwe amene amamva zinenero zitatuzi ali ndi chuma chimene buku lake la sukulu silimuuza.

Dzinja ndi liu lakale kwambiri. Lili pachibale ndi amainsa a Chibemba, mainza a Chitonga ndi zhizha la Chishona, ndipo m'zinenero zonsezi likunena nthawi ya mvula ndi zobiriwira. Liu limene linayendayenda ndi masika. Ku gombe la Aswahili masika ndi mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi. Kwa ife ndi nthawi ya dzungu, chimanga chachiwisi ndi kuyamba kukolola. Kwa Azulu ubusika ndi nthawi yozizira. Tsinde ndi limodzi, ndipo miyezi yake siitalikirana kwenikweni, koma tanthauzo linatsata zimene miyeziyo imabweretsa m'dziko lililonse. Amene amawerenga mabuku anayi a Malcolm Guthrie a Comparative Bantu (1967 mpaka 1971) adziwa kuti mau a nyengo ndi ena mwa mau oterera kwambiri pofuna kupeza tanthauzo loyambirira. Liu la mphepo nalonso ndi lofunika kuliyang'ana. Mnyanja akati kunja kuli mphepo angatanthauze kuti kukuomba kapena kuti kukuzizira, ndipo Chibemba chimati impepo ponena kuzizira. Kuno kwathu kuzizira kumabwera ndi mwera, mphepo ya kummwera chakum'mawa, ndiye chinenero sichinaone chifukwa cholekanitsira ziwirizi.

Apaulendo, malinga ndi boma

Mbiri ya pakamwa, imene Yizenge Chondoka anaisanthula m'zolemba zake za Atumbuka ndi Asenga a ku Chama, imati makolo a mafumu a Asenga anachokera ku Uluwa, dziko la Aluba, n'kudzakhala pakati pa Atumbuka m'zaka za m'ma 1700, ndipo anatenga chinenero cha eni nthaka. Marvin Miracle, polemba mu 1962 ndi 1963, anaonetsa kuti Asenga ankachita malonda a minyanga ya njovu, fodya ndi nsalu za thonje zoomba okha. Malonda oterewa ankayendera nyengo. M'dzinja dothi lamakande la m'chigwa limasanduka phala ndipo timitsinje totsika m'mapiri timasefukira, kotero kuti ulendo wautali unkadikira kuti madzi aphwe ndi udzu upse, ndipo wanzeru ankafuna kuoloka chigwa chilimwe chisanakhwime.

Maulendo a Apwitikizi opita kwa Kazembe akuchitira umboni. Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete mu Julayi 1798, ndipo Monteiro ndi Gamitto ananyamuka mu Juni 1831, onse m'chisanu. Lacerda anamwalira ndi malungo mu Okutobala 1798 ali pafupi ndi mzinda wa Kazembe. David Livingstone anaoloka Luangwa mu Disembala 1866, dzinja litayamba, ndipo zolemba zake za miyezi yotsatirayo n'zodzaza ndi njala ndi matope. Onsewa anadutsa kummwera kwa dziko la Tembwe, koma chigwa chake n'chimodzi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Asenga ankakhala m'malinga poopa Angoni, Ababemba ndi amalonda a Chiswahili. Mu 1897 Robert Young wa kampani ya British South Africa anathandiza Mfumu Chibale kuteteza linga lake, ndipo umo ndimo ulamuliro wa kampaniyo unalowera kumpoto kwa chigwa. Pambuyo pake dziko la Tembwe linalamulidwa kwa zaka zambiri kuchokera ku boma la Lundazi, kumtunda kozizirirako. Mfundo iyi si yaing'ono. Olamula ankadziwa chigwa ngati malo otsikirako pa ulendo wa msonkho n'kubwerera msanga, ndipo kalendala ya ntchito za boma inakonzedwa ndi anthu okhala pamalo amene Okutobala wake ndi wopiririka.

Choyezera kutentha ku Nawalia

Choyezera kutentha chinayamba kugwira ntchito yaikulu m'chigwa cha Luangwa chifukwa cha matenda. Mliri wa rinderpest wa m'zaka za m'ma 1890 unapha njati ndi nyama zina zambiri, ndipo ntchentche za kashembe zinachepa. Nyama zitachulukanso, ntchentche zinabwerera. Mu 1910 J. W. W. Stephens ndi H. B. Fantham a ku Liverpool anapeza kachirombo katsopano ka matenda a kaodzera m'magazi a mzungu wina amene anadwalira m'chigwa cha Luangwa, ndipo anakatcha Trypanosoma rhodesiense. Chaka chotsatira kampani inatumiza Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke kukafufuza. Iwo anamanga msasa ku Nawalia, kumene lero timati Nabwalya, pa mtsinje wa Munyamadzi kummwera chakumadzulo kwa Tembwe, ndipo mu 1912 anasamukira ku Ngoa, kumtunda kwa mapiri a Muchinga.

Anthu awiriwa anatsimikiza kuti ntchentche ya Glossina morsitans, kashembe wamba wa m'tchire, ndiyo imafalitsa kachiromboka, ndi kuti nyama zakutchire zimakasunga m'magazi. Koma chimene chikutikhudza pano ndi chimene anapeza poyerekeza chigwa ndi mtunda. Kachiromboka kamakula bwino m'thupi la ntchentche pa kutentha kwa madigiri 75 mpaka 85 a Fahrenheit, ndiko kuti 24 mpaka 29 a Celsius, pamene pa 60 mpaka 70 a Fahrenheit, 16 mpaka 21 a Celsius, kakulidwe kake kamaima. Ku Ngoa m'chisanu ntchentche zinkakanika kupatsira matenda mpaka zitaikidwa m'bokosi lofunditsa. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1912. Zinaoneka pa pepala kuti madigiri ochepa olekanitsa chigwa ndi mtunda, kapena Julayi ndi Okutobala, angathe kulekanitsa wodwala ndi wamoyo.

Zimene boma linachita ndi nzeruzi ndi nkhani ina. Leroy Vail, m'nkhani yake ya mu 1977 yonena za chilengedwe ndi mbiri ya kum'mawa kwa Zambia, anatsutsa maganizo akuti umphawi wa kuderali ndi wachibadwa. Iye anaonetsa kuti malamulo oletsa kusaka, kulanda mfuti, kusonkhanitsa anthu m'midzi ikuluikulu ndi kupita kwa amuna kukagwira ntchito kutali ndizo zinapatsa tchire ndi kashembe malo. Ife tikugwirizana naye. Kutentha kwa m'chigwa kunalipo Asenga asanafike, ndipo iwo analima thonje ndi fodya momwemo. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa manja osamala malo m'miyezi imene ntchito ya chilimwe imafunika.

Chilimwe chikadali nthawi ya zoopsa zake. Madzi akaphwa, nyama ndi anthu amakumana pa maiwe ochepa otsala, ndipo nkhokwe zimayamba kupepuka. Mu Seputembala 2011 matenda a anthrax anapha mvuu zoposa 80 mu Luangwa m'boma la Chama. Anthu oposa 500 amene anagwira kapena kudya nyamayo anadwala, ndipo asanu anamwalira.

Kumasulira ndi kalasi

Olemba madikishonale oyamba a Chinyanja anali obadwira kumene chaka chili ndi nyengo zinayi. Johannes Rebmann, amene buku lake linatuluka mu 1877, sanaponde dziko la Anyanja. Anasonkhanitsa mau ake pafupi ndi Mombasa kuchokera kwa Salimini, munthu amene anagwidwa ukapolo m'dera lapakati la Malawi wa lero. Dikishonale ya David Clement Scott inatuluka mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick anaikonzanso mu 1929. Kuyambira nthawi imeneyo aphunzitsi ndi omasulira akhala akufunafuna mau anayi a Chinyanja oti aime moyang'anizana ndi mau anayi a Chingerezi. Chilimwe chinapatsidwa kwa "summer" chifukwa cha kutentha. Dzinja, pokhala mnzake wa chilimwe m'kalankhulidwe, linagwera kwa "winter". Mwina chinathandizanso n'chakuti Disembala mpaka Febuluwale ndiyo miyezi yozizira ku Britain, ndiponso kuti ku Palestine, dziko la m'Baibulo, mvula imagwa nthawi yozizira. Zotsatira zake n'zakuti lero pali olankhula Chinyanja, makamaka a m'tauni, amene akati dzinja amatanthauza Juni.

Tikaika mau awiriwa pa kalendala ya ku Tembwe, kulakwika kwake kumaonekera poyera. Miyezi imene mabuku a sayansi amaitcha "summer" kummwera kwa ikweta ndi Disembala, Januwale ndi Febuluwale, ndiye dzinja lenilenilo. Buku likanena kuti Zambia amalandira mvula mu "summer", womasulira wotsata dikishonale adzalemba kuti mvula imagwa m'chilimwe, ndipo mlimi adzaseka. Choopsa chili mbali inayo. Pambuyo pa chilala, mu 2002 ndiponso mu 2024, boma la Zambia linalimbikitsa chimanga chothirira chimene m'Chingerezi amati "winter maize". Chimenechi ndi chimanga cha m'dimba, chodzala m'chisanu n'kukolola m'chilimwe. Kuchitcha chimanga cha m'dzinja ndiko kuuza mlimi kuti adikire mvula, zosiyana kotheratu ndi uthengawo. Dera ngati la Chama, kumene mpunga umadalira madzi a dzinja ndipo madimba amadalira chinyezi chotsala, silifuna womasulira wosokoneza ziwirizi.

Mwana wa ku Tembwe amakumana ndi vutoli kawiri. Kuyambira 1966 Chingerezi chinakhala chinenero chophunzitsira, ndipo Chinyanja chinakhala chimodzi mwa zinenero zisanu ndi ziwiri zovomerezeka m'masukulu. Mu 2014 zinenerozi zinapatsidwa udindo wophunzitsira m'magiredi 1 mpaka 4. M'ndondomeko zonsezi mwana amene kwao amati chifuku ndi chihanya amayenera kuphunzira dzinja ndi chilimwe, komanso mau a Chingerezi. Mphunzitsi akamuuza kuti dzinja ndi nthawi yozizira, ulalo wochokera ku chifuku umaduka, ndipo mwanayo amaloweza mndandanda umene sugwirizana ndi zimene khungu lake limamva. Tionjezere kuti mayeso a dziko lonse amalembedwa mu Okutobala ndi Novembala, m'zipinda zofolera malata, sabata zomwezo zimene dzuwa lili paliwombo. Ngakhale chikondwerero cha ufulu, pa 24 Okutobala, chimagwa tsiku limodzi chabe kuchokera pamene chithunzithunzi chimabisala pansi pa mapazi.

Njira imene tikuiona yothandiza ndi kuyamba ndi miyezi, osati ndi mau a Chingerezi. Mphunzitsi alembe miyezi 12 pa bolodi, ana anene zimene zimachitika m'mwezi uliwonse kumunda, kumtsinje ndi m'thupi, ndipo pansi pake alembe maina a Chisenga, a Chinyanja ndi a Chibemba. Pomasulira, "winter" akhale chisanu kapena nyengo yozizira. "Summer" amasuliridwe poyang'ana dziko limene likukambidwa, chilimwe ngati nkhani ndi ya kutentha, dzinja ngati ndi ya mvula ya kuno. Sukulu imene ili ndi choyezera kutentha ingathe kulemba chiwerengero cha m'mawa ndi cha masana tsiku ndi tsiku m'kabuku, m'Chinyanja, ndipo pakutha pa chaka ana adzaona okha pamene chisanu chathera ndi pamene chilimwe chakhwimira.

Kabuku kotere kangakhale ndi phindu loposa la m'kalasi. Ku Rekomitjie, m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe, kumene akhala akuyeza kutentha ndi kuwerenga ntchentche za kashembe kwa zaka zambiri, kafukufuku wa Jennifer Lord, John Hargrove, Stephen Torr ndi Glyn Vale wa mu 2018 anapeza kuti kuyambira 1975 kutentha kwapakati kunakwera ndi pafupifupi digiri imodzi, koma mu Novembala kunakwera ndi madigiri ngati 2, ndipo ntchentche za mtundu wa Glossina pallidipes zinachepa kwambiri. Kufunda kumene Kinghorn ndi Yorke anapeza kuti kumakuza kachirombo, kukapyola muyeso kumapha ntchentche imene imakanyamula, ndipo ofufuzawo anachenjeza kuti malo okwera amene kale anali ozizira kwambiri kwa kashembe angayambe kumulandira. Chigwa cha Luangwa ndi nthambi ya chigwa cha Zambezi, ndipo Lundazi ali pamtunda pake.